Miyala ya M'khonde

Basi inachedwa. Pa benchi la pasiteji panakhala mayi wa dengu ndi bambo wina wotuwa ndi fumbi, kathumba kali pakati pa miyendo.

"Bambo, tasunthani katunduyu. Iii, kulemera kwake! Muli chiyani umu?"

"Miyala, mayi. Ndatola kumtsinje, kuseri kwa paki."

"Yogulitsa?"

"Ayi, yongosunga. Ndimaitsuka n'kuika m'zidebe. Lamlungu ndimaiyala n'kumaiyang'ana."

"Basi? Kuthyola msana chifukwa chongoyang'ana?"

"Ndinali nayo yambiri, yofiira, yonyezimira, ina yoonekera ngati galasi. Ndinayamba kutola ndisanakwatire."

"Nanga inapita kuti?"

"Tsiku lina ndili kuntchito, mmisiri womanga khonde lathu anati miyala ya konkire yachepa. Mayi akunyumba anamutulutsira zidebe zonse."

"Mayo! Munakalipa?"

"Ndikalipe chiyani? Simenti inali itauma kale. Iwo akungonyadira kuti khonde ndi lolimba kuposa la aneba."

"Ndiye mwayambanso?"

"Ndayambanso, koma maondo akukana. M'zidebe zija munali mwala wina wobiriwira, wonga umenewo sindidzaupezanso."

"Pepani. Unakwiririkiratu?"

"Kansonga kake kakuonekera pakhomo penipeni. M'mawa uliwonse ndimachita kuudumpha."