Mfundo za pa Mizu ya Matimati

"Iwe Tembo, unatipasa mbande olo unatipasa ufiti? Ona vamene wamanga!"

Anakuwa choncho ndi Amake Jelita, mayi wa mumpingo mwathu momwe, anthu akutuluka m'tchalitchi. Anandiponyera mtengo wa matimati pamapazi. Mizu yake inali yotupatupa, mfundo zokhazokha ngati mikanda ya m'chiuno. Zimene ndinamuyankha sindingazilembe pano. Ndingonena kuti akulu a mpingo awiri anachita kundigwira mikono.

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni wa ine Gideoni Tembo wa ku Kanyama. Ndikulemba kuti mudziwe mmene ndinatchedwera mfiti ndi anthu amene ndinkadya nawo mgonero, ndi mmene Mulungu anandichotsera dzinalo. Sindikometsera chilichonse. Mtima wanga ndi wapachala, ndipo zina mwa izi zikundiwawabe.

Anali masiku a chipani chimodzi, pamene tinkaima pamzere tsiku lonse kudikira sopo ndi mafuta ophikira. Fakitale imene ndinkagwirako ku Indasitiriyo inasowa zitsulo za makina, ndipo anatiuza kuti tikadikire kunyumba. Ine wa Fomu Thu, wodziwa kulemba kalata ya Chingerezi yopanda cholakwa, ndinakapempha kadimba kudambo kwa tcheyamani wa sekishoni yathu. Anandipatsa nditamuonetsa khadi la chipani. Dimbalo ndilo linkadyetsa mkazi wanga ndi ana asanu.

Dzanja langa linayanjana ndi matimati. Nazale yanga inali pamalo amodzimodzi zaka zitatu, ndipo abusa atalalikira za kugawana, ndinapatsa mbande kwaulere mabanja asanu ndi limodzi a mumpingo. Kwaulere, abale! Patapita miyezi iwiri matimati awo anayamba kufota dzuwa likakwera, ngakhale atathirira m'mawa. Masamba anachita chikasu, zipatso ngati nthudza. Atazula anapeza mfundo zija. Kwathu kuno munthu akaona mfundo safunsa kuti ndi matenda anji, amafunsa kuti wamanga ndani.

Ndinawauza kuti anga omwe akufota. Iwo anati ndi mmene mfiti imabisalira. Mpingo unandiimitsa mgonero. Kumsika mkazi wanga ankakhala ndi dengu lake mpaka matimati kuphwanyika okha, popanda woima. Kenaka tcheyamani anatumiza mawu kuti Loweruka kudzakhala msonkhano kudambo, ndipo ndikalephera kudziyeretsa dimba adzalipereka kwa wina. Mudziyeretsa bwanji pa mlandu wa ufiti? Muonetsa chiyani, risiti?

Lachinayi masana ndinagwada pakati pa mizere yofota. Silinali pemphero lokoma ayi. Ndinakalipira Mulungu monga ndikanakalipira kapitawo. Ndinati, "Ntchito munanditengera, ndinakhala chete. Ndapatsa ana anu mbande, mwandilipira ndi dzina la mfiti. Ngati muliko, tumizani munthu, chifukwa ine ndatsala pang'ono kutema wina ndi khasu."

Anatumizadi, koma anasankha munthu amene ine sindikanamusankha. Anali a Chanda, Mubemba wa mzere wachitatu wa nyumba kuchokera kwathu, amene ankagwira ntchito kumalo ofufuza za ulimi kunja kwa tauni. Ntchito yawo inali kutsuka dothi m'masefa kuti ophunzira aziunika. Chaka chapitacho tinakangana pampopi, ine ndinamenya chidebe chawo ndi phazi, nkuwatcha otsuka matope. Kuyambira pamenepo sitinkapatsana moni.

Lachisanu anaima m'mphepete mwa dimba langa atagwira njinga. "Ba Tembo, namvela nkhani yanu. Lekani nioneko mizu."

Ndinafuna kuwathamangitsa, koma manyazi a pemphero lija anandigwira pakamwa. Anazula mtengo umodzi, nautsuka m'ngalande, nauyang'ana nthawi yaitali. Anangoti, "Mailo nizabwela," kutanthauza mawa, basi nkukwera njinga.

Loweruka dambo linadzaza. Ena anabwera kudzaona mfiti ikulandidwa munda, monga amapitira kumpira. Tcheyamani asanamalize mawu ake, a Chanda anapempha kulankhula. Anatulutsa lezala, singano ndi kagalasi kokulitsa zinthu kamene anabwereka kuntchito. Anang'amba mfundo imodzi, natokosamo kanthu koyera, kochepa kuposa mutu wa phini, nakaika pa chikhadabo. Anafotokoza kuti kameneko ndi kanyongolotsi kakakazi kodzaza mazira, kamene ophunzira amakatcha nematodi. Ana ake saoneka ndi maso. Amakhala m'dothi, amaboola muzu, muzuwo nkutupa mpaka kulephera kukoka madzi. Anati kuntchito kwawo kuli anthu amene amathera zaka akuwerenga tizilomboti ndi kuyesa mbewu zimene sitizikonda.

Amake Jelita anati, "Nanga mfiti singatume tunyongolosi?"

A Chanda sanakangane naye. Anafunsa tcheyamani ngati therere la akazi ake linachokera kwa ine. Tcheyamani anati ayi, mbewu yake inachokera kwa apongozi ake ku Matero. A Chanda anapita nkuzula limodzi. Mfundo zake zinali zazikulu kuposa zanga zonse.

"Manje ba tcheyamani, ivi anamanga ni ndani? Apongozi banu?"

Anthu anaseka mpaka ena kukhala pansi. Tcheyamani anayang'ana pagalasi paja kawiri, natsokomola, nati nkhani yatha, Tembo apitirize kulima. Chomwecho basi. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anabwera kudzati pepani. Amene anandilavulira anangoyamba kufunsa a Chanda mankhwala ake, ngati dzulo sikunache. Mpingo unandibwezera mgonero ndi chilengezo cha mzere umodzi, pakati pa za maliro ndi za kusesa. Ndimakhululuka chifukwa ndinalamulidwa, koma musandiuze kuti nkosavuta.

Anthu atabalalika ndinayamba kudzitama kuti ndinalibe mlandu. A Chanda anandikokera ku nazale yanga, nazula kambande kamasamba anayi. Timfundo tinali titayamba kale.

"Ufiti mulibe, ba Tembo," anatero motsitsa mawu. "Koma tunyongolosi mu minda mwa benangu munapeleka ndimwe, na dothi ya pa mizu. Sininakambe paja, sembe banakumenyani."

Mawu amenewo anandilasa kuposa a Amake Jelita, chifukwa anali oona. Anandilangiza kuti mankhwala ake ndi oopsa ndipo m'masitolo mulibe, koma njira ilipo. Matimati asabwerere pamalo amodzi. Mpaka dothi litapuma ndidzalepo chimanga, anyezi ndi maluwa achikasu onunkha aja timadzala pakhomo. Mizu yodwala ndiitenthe, ndipo nazale yatsopano ndiyambe ndaotchapo udzu wambiri.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero lamwano, nandipulumutsa ndi dzanja la munthu amene ndinamunyoza. Inu amene mukunamiziridwa lero, limbikani, musagwire khasu. Fuulani kwa Iye ngakhale mawu atuluke okhota. Koma konzekani, chifukwa akakuyeretsani pamaso pa anthu amakuonetsaninso gawo lanu panokha.

M'mawa mwa tsiku lotsatira msonkhano uja, lisanalire belu la tchalitchi, ndinapita kudambo. Ndinazula nazale yonse, mbande zimene ndinkayembekeza kuti zidyetsa ana anga dzinja lonse, ndinaziunjika pa udzu wouma nkuyatsa. Kenaka ndinapita kwa Amake Jelita ndi khasu paphewa. Atandiona anathawira m'nyumba natseka chitseko. Ndinamuuzira pawindo kuti mbande zanga ndizo zinamutengera matenda, ndipo ndikupita kukamuzulira mizu yodwala. Ndinapita ndekha kudimba kwake, ndinayambira mzere wa kumadzulo.