Ndinapempha Galimoto, Ndinalandira Njinga Yopanda Mapedulo

Abale ndi alongo mwa Ambuye, mtendere ukhale nanu kulikonse komwe mawu awa akupezani. Ine ndine Esinati, ambiri amanditchula kuti make Tiya. Kwathu ndi ku Dedza, koma imvi zandimerera kuno ku Mangochi, m'mudzi wina wa kumtunda kwa Nkopola, kumene boma linatumiza amuna anga kudzaphunzitsa pa sukulu ya pulayimale. Ndikufuna ndikuuzeni za nthawi imene amuna angawo anadwala sitiroko, ine n'kusowa njira yowafikitsira kuchipatala.

Zinachitika m'mawa wina wa nyengo yotentha, nthawi ija ngakhale mbuzi zimakana kuchoka pamthunzi. Bambo a Tiya ankamanga zingwe za nsapato kuti azipita kusukulu, ine ndili panja ndinangomva kuti khu. Ndinawapeza pansi, kukamwa kutapotoka, dzanja ndi mwendo wakumanzere zili lende. Anagonekedwa kuchipatala ndipo moyo unapulumuka. Koma tsiku lotitulutsa, mayi wochititsa mafizo anandikokera pambali n'kundiuza mosabisa kuti miyezi yoyambirirayi ndiyo yofunika kwambiri. Akamabwera kawiri pa sabata kudzawongola ziwalo, chiyembekezo chilipo choti adzayendanso. Akangokhala pamphasa, mwendo udzauma, zala zidzapindika, ndipo zikatero kubweza n'kovuta.

Kumva ndinamva, koma vuto linali msewu. Kuchokera kwathu kukafika patala ndi mchenga wokhawokha, minibasi sizifikako. Tinayesa kabaza. Mnyamatayo anali wosamala ndithu, koma bambo a Tiya sankatha kugwira ndi dzanja lamanzere, ndipo thupi lonse linkapendekera mbali yakufayo. Atafika pa mchenga wa pafupi ndi chigayo, anatsetsereka n'kugwa, natemeka pamwamba pa diso. Nkhani inafika pasiteji ife tisanabwerere kunyumba. Kuyambira tsiku limenelo anyamata onse a kabaza, a njinga zamoto omwe, ankandiyankha mwaulemu kuti sakufuna kupalamula mlandu pa munthu wodwala. Sindinawaimbe mlandu, ngakhale mtima unandiwawa.

Ana athu ali kutali, Tiya ali pabanja ku Zomba ndipo mlongo wake ali pasukulu ku Lilongwe. Abambo a kutchalitchi anathandizapo ndi ngolo ulendo umodzi, koma nawonso ali ndi maukonde ndi mabanja awo. Njinga m'nyumba inalimo, ya bambo a Tiya, yakuda, yokhala ndi kaliyala wolimba kumbuyo. Inangotsamira khoma matayala ataphwa, chifukwa ine kukwera njinga sindinkatha. Ndili mtsikana, mayi anga ankati mwana wamkazi wokwera njinga amadziwononga ndipo sapeza banja labwino. Ndinamvera, ndinapezadi banja labwino, ndipo zaka zonsezi ndinkangokhala pakaliyala miyendo mbali imodzi, mwamuna akupalasa.

Masiku a mafizo anayamba kutidutsa. Ndinkaona ndi maso anga zala za amuna anga zikufumbatana pang'onopang'ono. Ndikaziwongola m'mawa, pofika masana zabwerera. Munthu yemwe ankalemba pabolodi zilembo zokongola ndi dzanja lamanzere lomwelo tsopano ankangoyang'ana dzanja lake ngati la mwiniwake. Ndinapemphera, ndinasala kudya, ndipo pemphero langa linali limodzi: Ambuye, tumizani munthu wa galimoto. Ndinafika pomutchulira Mulungu ndi mtundu wa galimotoyo, kuti ikhale yotha kuyenda mumchenga, ngati kuti Iye msewu wathu sakuudziwa. Galimoto sinabwere. Ndinene zoona, ndinamukwiyira Mulungu, ndipo Lamlungu lina ndinakhala m'tchalitchi osatsegula pakamwa nyimbo yonse.

Yankho linabwera litavala mpango wachisilamu, likugulitsa usipa. Pali mayi wina wachiyawo, Abiti Saidi, yemwe amayenda m'midzi ndi dengu la nsomba panjinga. Ndinali nditamugula kwa zaka zambiri, koma kucheza kwathu kunkathera pa moni ndi kunenerera. Tsiku limenelo anaona bambo a Tiya ali pakhonde, anaonanso njinga ija kudzera pakhomo, n'kundifunsa chifukwa chimene odwala sakupitira kuchipatala. Nditafotokoza, ndinkayembekezera kuti andipepese. M'malo mwake anandiuza kuti Loweruka lililonse m'mawa amaphunzitsa anthu njinga pabwalo la mpira la kusukulu. Amayamba ndi tiana, kenako atsikana amene asankhidwa ku sekondale yakutali, ndipo dzuwa likakwera pang'ono amabwera amayi, ena ndi ana awo omwe. Anati anayamba zimenezi ataona mng'ono wake akusiya sukulu chifukwa cha mtunda.

Ndinakana. Ndinati msinkhu wanga uno, mkazi wa aphunzitsi, ndikagwe pamaso pa ana a sitandade thu?

"Amama, mbewa yamanyazi inafera kuuna," anatero akumanga dengu lake. "Loweruka mubwere ndi njinga yanuyo, Insha Allah muyenda."

Ndinapopetsa matayala, ndinapita ndikukankha njinga, nditavala thalauza la amuna anga mkati mwa chitenje monga anandilangizira. Chimene anachita poyamba chinandidabwitsa. Anatulutsa sipanala, anamasula mapedulo onse awiri n'kuwaponya m'dengu, kenako anatsitsa chishalo mpaka mapazi anga anaponda pansi bwinobwino. Ndinaganiza kuti mayiyu wandiwonongera njinga. Kwathu ndinkaona anyamata akuphunzitsana pomukweza mnzawo pamtsetse n'kumukankha, akagwa aseke. Abiti Saidi anati njira imeneyo imaphunzitsa mantha basi. Munthu ayambe wadziwa kukhazikika, kupalasa kumabwera pambuyo.

Ndiye ndinayamba kudzikankha ndi mapazi ngati bakha, tiana tikundipitirira n'kumandiimbira belu. Vuto langa linali maso. Ndinkangoyang'ana tayala lakutsogolo, ndipo komwe ndayang'ana n'komwe ndinkagwera. Kumapeto kwa bwalolo kuli mlambe waukulu, ndipo Abiti Saidi ankathamanga pambali panga akubwereza kuti ndiyang'ane mlambewo, tayala likudziwa lokha ntchito yake. Amayi ena a kutchalitchi anayamba kunong'ona kuti make Tiya akusewera ndi ana pabwalo mwamuna ali gone, komanso kwa Msilamu. Zinandipweteka, koma zala zija zinkandipweteka koposa, ndiye ndinkapitanso pabwalo pakati pa sabata ndekha, ana ali m'kalasi.

Tsiku lina ndinakweza mapazi, njinga n'kupitirira yokha mpaka pamlambe. Mapedulo anabwezeretsedwa. Ndinaphunzira kugwira mabuleki onse awiri pamodzi, kutambasula dzanja pokhota, ndi kutsika patala lole ikamabwera kumbuyo. Ndinaphunziranso za mchenga, kuti ukalowamo sugwira buleki ndipo sukhotetsa hendulo, umangopalasa mwamphamvu, pomwe pazama utsike ukankhe. Ndinadziona ngati ndatha, ndipo ndinati mawa lomwe ndiwanyamula bambo a Tiya.

Abiti Saidi anakana. Anabwera kunyumba, anakhala pakhonde n'kumacheza ndi bambo a Tiya, koma maso ake ali pa momwe ankakhalira pampando. Kenako anapempha thumba la feteleza lopanda kanthu, analidzaza mchenga, n'kulimanga pakaliyala mopendekera kumanzere mwadala. Anati amenewa ndiwo aphunzitsi anga mpaka ndidzasiye kuwagwetsa. Kuti ndisaiwale, analiveka chipewa chakale cha amuna anga. Thumba limenelo linandigwetsa kuposa masiku onse a pabwalo. Njinga inkakokera kumanzere, ine ndinkayenera kuphunzira kulemera kumanja osaganizira n'komwe. Ana a m'mudzi akandiona ankafuula moni kwa thumbalo, amvekere mwadzuka bwanji sala.

Koma mwini chipewa anali atakana. Nditawauza cholinga changa, anatembenukira kukhoma. Kalankhulidwe kawo kanali kolemera nthawi imeneyo, koma ndinamva bwino kuti iwo sangamangidwe ndi chitenje kumbuyo kwa mkazi ngati khanda, ana amene anawaphunzitsa akuonerera. Sindinalimbane nawo. Ndinangopitiriza kuzungulira nyumba ndi thumba langa, iwo ali pakhonde. Masana ena ndinagwa pafupi ndi bafa, bondo linachubuka, magazi n'kumatsikira kuphazi. Ndinadzutsa njinga, ndinakonza chipewa pathumba, ndinakweranso. Nditazungulira n'kufika pakhonde, ndinapeza akulira ndi kuseka nthawi imodzi.

"Make Tiya," anatero pang'onopang'ono, "thumbalo lisakachite mafizo m'malo mwanga. Litsitseni."

Ulendo woyamba tinanyamuka kusanatenthe. Abiti Saidi anandithandiza kuwakweza, tinamangirira phazi lamanzere pa kathabwa kuti lisalowe m'masipoko, ndipo chitenje chinazungulira msana wawo n'kudzamangidwa pamimba panga. Dzanja lakufalo Abiti Saidi analiika m'chiuno mwanga, linangokhalapo ngati nsanza. Podutsa pasiteji ya kabaza ndinayembekezera kusekedwa, koma panalibe woseka. Mnyamata uja anawagwetsa anakwera njinga yake n'kutitsatira chapatali mpaka patala, kenako anabwerera. Tinafika kuchipatala thukuta lili kamukamu, ndipo mayi wa mafizo atationa anangogwira pakamwa. Anati tachedwa, koma sitinachedweretu.

Kuyambira pamenepo sitinajombenso. Mvula inabwera, matope anabwera, tcheni chinaduka, ife ulendo. Mwendo unayamba kumvera, anayamba kuima atagwira khoma. Koma dzanja linakhala chete, ndipo mumtima ndinali nditalitaya.

Ndiye m'mawa wina tikupita, tinalowa mumchenga uja wa pachigayo, pomwe anagwera poyamba paja. Mbuzi inatidutsa kutsogolo, hendulo inagwedezeka, njinga inapendekera kumanzere. Ndinapalasa mwamphamvu monga anandiphunzitsira, maso kutsogolo, ndipo tinatuluka. Tili pouma ndinamva kuwawa m'nthiti zakumanzere, ngati wina wanditsina. Ndinayang'ana pansi. Zala zija, zimene ndinkaziwongola m'mawa uliwonse zikubwerera, zinali zitagwira bulauzi yanga pamodzi ndi khungu lomwe, zolimba. Ndinaima pakati pa msewu, misozi ili chuchuchu. Kumbuyo kwanga bambo a Tiya anati, "Palasani mayi, tichedwa." Dzanjalo sanalichotse mpaka kuchipatala.

Lero bambo a Tiya amayenda ndi ndodo. Sanachire zonse, ndisakunamizeni, mwendo amaukoka ndipo choko sanayambe kugwira. Koma amapita okha kutchalitchi, amadzimangira mabatani, ndipo Loweruka amakhala pansi pa mlambe uja kuti ophunzira atsopano akhale ndi woyang'ana. Ine ndimathandiza Abiti Saidi kumasula mapedulo. Awiri mwa amayi ankanong'ona aja ndawaphunzitsa ndine, ndipo amagwa bwino kwambiri.

Ndikuthokoza Mulungu amene sanandipatse zimene ndinamulamula. Galimoto ikanabwera tsiku limodzi n'kupita, koma miyendo iyi ndimagona nayo ndi kudzuka nayo. Ndikuthokozanso mlongo wanga Abiti Saidi, yemwe timapemphera masiku osiyana koma anamva kulira kwanga msanga kuposa ambiri. Inu amene mukudikira yankho, musatope kupemphera, koma muziyang'ananso zimene zatsamira khoma m'nyumba mwanu, ndipo musanyoze munthu amene Ambuye amutuma chifukwa cha mpango wake. Ngati mwakula osadziwa njinga, kaya china chilichonse chimene munauzidwa kuti si cha inu, pitani mukaphunzire, mugwe, mudzuke. Kuseka kwa ana kumatha tsiku lomwelo. Ine chipsera cha pabondo ndili nacho mpaka lero, koma amuna anga akuyenda. Ambuye alemekezeke. Amen.