Chiwindi cha Mbuzi Yonenepa

Pamzere wogula nyama pamsika wa Nchalo, wailesi inalengeza kuti woimba wina wotchuka wagonekedwa m'chipatala chifukwa cha mowa.

"Ameneyo achira," anatero bambo wina wachipewa. "Ndalama ali nazo, amutengera ku Joni."

"Mwana wanga Daliso amateronso," anayankha mayi amene anali patsogolo pake. "Amaimba m'malo omwera mowa, kachasu ali m'manja. Akuti akadzatchuka, madokotala azidzamuthamangira."

"Musiyeni atchuke kaye, mayi."

Mayiyo analoza chiwindi chamatuza chimene chinali patebulo.

"Mbuzi iyi inali yonenepa kuposa zonse pano. Chiwindi chakechi mugula, bambo?"

"Ayi, chinawonongeka chimenecho."

"Basitu. Mawa Daliso ndikumukokera kuchipatala. Gitala yake itsala pakhomo."