Diresi Laoneka, Nkhope Ayi

Pa mzere wa m'shopu yotsukira zithunzi, mayi wina anatembenukira bambo wachikulire wokoleka kamera m'khosi, n'kumuonetsa chithunzi cha ukwati.

"Bambo, ntchitoyi ndi yanu. Ichi n'chithunzi? Diresi likuwala, koma mwana wanga nkhope bii ngati makala!"

"Wojambulayo kuwala anayezera pati?"

"Anali ndi kamita kake ka manambala. Anakaloza pa diresi."

"Basi, anakupherani pomwepo. Kamita kakaona zoyera kamati kuwala kwachuluka, ndiye nkhope zimada. Kale tinkayamba takayesa pa khadi lotuwa, tione ngati sikanasokonekere. Ana a lerowa akagula lero, mawa ali kale pa ukwati wa eni."

"Iye akuti makina sanama."

"Sanama? Kakangogwa pansi kamodzi, kamanama kuposa mboni yogula!"

"Ndiye muno andikonzera?"

"Mdima wotere, kaya. Mukajambulitsenso, mayi."

"Ndi ndani? Ayima kumanzereku ndi amuna anga. Tawaika m'manda mwezi watha."

Bambo uja anayandikitsa chithunzicho kumaso, n'kuchiyang'ana nthawi yaitali.

"Pepani, mayi. Ine ndikungoona kolala ya malaya."