Mfuti Yoyera ya a Daka

M'nyengo yachisanu ya chaka chimene makampani aboma ankagulitsidwa ngati nthochi za pamsewu ku Nyimba, a Bonaventure Daka anatulukira pakhonde pa Jethro, wolemba zikwangwani wa pa Minga, atakulunga mfuti ya gogodela m'chitenje cha akazi awo. Bambo ameneyu ntchito itamuthera ku Lusaka anabwera kudzakhala chikamwini ku Nyampande, kumene nkhandwe inali itatha ana a mbuzi onse n'kusiya kamodzi, ndipo akazi awo amai Christabel anali atanena poyera, apongozi akumva, kuti kameneko kakapita, amuna awonso anyamule chikwama atsatire.

"Iwe Jethro, siya ivo," anatero a Daka. "Nakubweletsela nchito yeniyeni."

Jethro anali akulemba dzina pa mwala wa pamanda. Anaika burashi pansi, napukuta manja pa ovolosi.

"Fikani, bambo. Mfuti iyi mufuna nilembepo chani?"

"Osalembapo. Uipente."

"Kupenta chabe, kopanda mau? Ine chilichonse nimalembapo mau, olo bala ya mowa, olo manda."

"Mfuti si bala. Nifuna nkhandwe isaione."

"Oho. Ndiye muisiye m'nyumba."

"Nikaisiya m'nyumba nizaomba na chani?"

"Ee, ndiye izaiona."

A Daka anapumira m'mwamba. Munthu amene anakhalapo kapitawo wa nyumba yosungiramo katundu mumzinda, lero azikangana ndi wolemba pamanda. Zinawawawa kwambiri, koma anaugwira mtima, poti mfutiyo inali yobwereka kwa a Njobvu, amalume a akazi awo, ndipo nkhalambayo poipereka inalankhula mawu ambiri kuposa ansembe a pa Minga tsiku la ukwati.

"Mvela bwino. Uipente kuti ilingane na malo. Nkhandwe ikayang'ana, izaona monga palibe kanthu."

"Malo ati, bambo?"

"Kuthengo."

"Thengo liti? La kuno ku Minga lapsa kale. La ku Kaumbwe nimvela likali na udzu."

"Thengo ni thengo, iwe."

"Awe, bambo. Lopsa ni lakuda. Mfuti iyi nayo ni yakuda. Ngati ni lopsa, nchito yasila, mungapite."

"Ninayenda nayo yakuda dzulo. Nkhandwe inanionela kutali, inachita kuima, kuyang'ana, na kupita mosathamanga."

"Kapena inaona imwe."

"Inaona mfuti."

Apa a Daka anapisa dzanja m'thumba la jekete lawo la salaula, lovalidwapo kale kunja, limene anagula pamsika chisanu chitayamba, natulutsa pepala lothothoka m'magazini ya azungu. Analipeza m'thumba momwemo, ndipo chilipezereni ankaliyesa kalata yochokera kumwamba. Pachithunzipo panali mzungu atagona chafufumimba pamalo oyera mbee, mfuti yake yoyeranso, patsogolo pake chinyama chonga nkhandwe yonenepa chili gone.

"Ona apa. Aba ndiye odziwa kusaka. Nthawi ya mphepo amapenta mfuti yoyela."

Jethro anayandikitsa pepalalo kumaso, nalitembenuza.

"Uyu mzungu wagona pa thonje?"

"Si thonje. Ni chisanu chakwawo."

"Chisanu chimaoneka?"

"Kwawo chimaoneka."

"Nanga chathu?"

"Chathu chikalibe kutukuka. Koma chisanu ni chisanu. Manje ni Juni, si so?"

"Ni Juni."

"Uli kumvela mphepo?"

"Nimvela."

"Basi. Yoyela."

Jethro anayang'ana kutsidya kwa msewu, kumene kunalibe choyera china kupatula mbuzi ya munthu ndi khoma la chipatala. Anakanda m'mutu ndi chala chapenti.

"Yobiliwila ilipo, bambo, inatsala pa kampeni. Ingalingane na masamba."

"Ufuna anthu azikamba kuti mfuti ya a Njobvu yalowa chipani?"

"Ya buluu nayo ilipo, inatsala pa kampeni ya anzao."

"Chipani icho nenze kuchivinila pamsewu. Lelo nili kuti? Usanikumbutse."

"Yofiila?"

"Ufuna nkhandwe iganize ni nyama?"

"Ndiye kwatsala yoyela yamene nipentela manda."

"Waona? Ukanayamba na iyo."

Akuluakulu anati samva za anzake anamva nkhwangwa ili m'mutu, koma a Daka mwambi umenewu ankauona ngati wonena anthu ena. Iwo anali ndi pepala la azungu m'manja, ndipo munthu wa pepala sauzidwa ndi munthu wa burashi.

Jethro anatenga mfutiyo, naiyeza ndi maso kuchokera kumtengo mpaka kukamwa. Kenaka anayeza a Daka momwemonso, kuchokera kunsapato mpaka kuchipewa.

"Nanga imwe, bambo?"

"Ine nachita chani?"

"Mfuti yoyela, mwini wake wakuda. Nkhandwe izaona munthu waimilila, manja ali m'mwamba, sanagwile kanthu. Siizadabwa?"

"Ikadabwa ndiye izaima. Ikaima nizaomba."

"Ningakupenteni na imwe. Penti ingafike mpaka m'chiuno."

"Ukanikhudza na bulashi uzaona."

"Olo manja chabe, yamene yagwila mfuti."

"Jethro, amai ako anakubala m'mwezi wanji?"

"Wa Okutobala, bambo."

"Zioneka. Dzuwa linakulowa m'mutu."

"Amakamba so na amai."

Munthu wotere kumunyoza n'kutaya malovu. A Daka anaweramira pafupi, nayamba kulankhula pang'onopang'ono, akugogoda mfutiyo ndi chala pa liwu lililonse.

"Mvela manje, usaphonye. Yonse iyele. Mtengo uyele, chitsulo chiyele. Pasatsale pakuda paliponse pamene nkhandwe ingaone."

"Paliponse?"

"Paliponse."

"Olo pang'ono?"

"Olo pamene pangakhale ntchentche."

"Nanga nkhandwe imaimilila kuti, bambo, mukamaomba?"

"Funso lanji ilo? Kutsogolo."

"Kutsogolo kwa mfuti."

"Ufuna iziimilila kumbuyo, inigwilile jekete?"

"Awe, nafunsa chabe. Mubwele mailo m'mawa, izakhala yauma."

A Daka anapita kukagona kwa mnzawo wa pa Minga pomwepo, chifukwa kubwerera ku Nyampande chimanjamanja kukanabala mafunso, ndipo mkamwini asamakule mwendo. Kamwana ka mbuzi kaja anali atakatsekera m'khitchini, koma amai Christabel anali atanenetsa kuti khitchini si khola, mawa katuluka.

M'mawa kunazizira kolasa mafupa. A Daka anafika manja ali m'thumba, botolo la onga lili m'khwapa, napeza mfuti itatsamira khoma ili mbee, yowala kuposa mwala wa pamanda umene unali pambali pake. Mtima wawo unadumpha ndi chimwemwe. Anaona kale nkhandwe ili gone pabwalo, apongozi akululutira, amai Christabel akuwapatsa mpando wa msana. Iwo anaiwala kuti mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

"Ehe. Manje waoneka monga munthu, Jethro."

"Zikomo, bambo."

"Azungu akanaiona akanaifuna."

Anainyamula, koma dzanja linatsika lokha.

"Yalema bwanji?"

"Nchito yabwino imalema, bambo."

A Daka anagwedeza mutu movomereza, poti mawu amenewo anamveka ngati awo omwe. Anaimika mfutiyo pansi, natsegula botolo kuti athire onga kukamwa kwake monga a Njobvu anawaonetsera. Ongawo unangoyala pamwamba n'kutayikira pa nsapato zawo. Anayang'anitsitsa. Pamene panali bowo panali posalala, poyera bwino.

"Jethro."

"Bambo."

"Bowo ili kuti?"

"Natseka."

"Watseka."

"Ee. Munakamba kuti pasatsale pakuda pamene nkhandwe ingaone. Munakamba futi kuti nkhandwe imaimilila kutsogolo. Ine nayenda kutsogolo, nagwada monga nkhandwe, nayang'ana. Chamene naona ni bowo, yakuda bii."

"Ndiye?"

"Nayesa kulowetsa bulashi, siinafike mkati. Mdima wenze ukali kuoneka."

"Watseka na chani?"

"Poyamba nenze naika kansanza. Koma naganiza kuti kangagwe panjila, muzanitukwana kuti Jethro achita vinthu va pamwamba chabe."

"Nakufunsa watseka na chani."

"Simenti, bambo. Yenze yatsalako pa manda aya."

A Daka anakhala pansi pa chitini cha penti osayang'ana ngati n'chotseka. Chisanu chonse chija chinawathera, thukuta linayamba kutsika m'khosi.

"Simenti ya pakamwa chabe?"

"Awe, mpaka pansi. Nenze kusindikiza na kachitsulo kanu kosindikizila onga. Kagwila bwino nchito, a Njobvu amasunga vinthu."

"Manje nizaomba bwanji?"

"Zoomba simunakambe, bambo. Munakamba zoona."

"Mfuti ni ya chani, iwe? Ni yopachika maluwa?"

"Nenze nadabwa na ine. Koma naganiza kuti ili pa pepala ya azungu. Pa chithunzi paja bowo siioneka."

"Siioneka chifukwa mzungu wailozetsa kwina."

"Oho. Mukanakamba."

"Chotsa."

"Simenti yanga siichoka, bambo. Mufunse onse amene nawamangila manda, palibe anabwelapo kuzadandaula."

"Boola na msomali."

"Yagona usiku wonse. Olo msomali uzapindika."

"Tiike pamoto."

"Mtengo uzapsa, chitsulo chizada. Muzataya penti yabwino."

A Daka anafuna kumumenya ndi mfutiyo, koma inali yolemera, ndipo mapewa awo anali a munthu wa mu ofesi. Anangoigoneka pamiyendo. Mantha anawagwira enieni. Mfuti imeneyi a Njobvu anailandira kwa amalume awo, inapha nguluwe zosawerengeka, inalira pamaliro a akuluakulu onse a mudziwo, ndipo inapulumuka ngakhale masiku amene apolisi ankalanda mfuti m'midzi. Inadzafera m'manja mwa mkamwini wa ku Lusaka, usiku umodzi wokha, chifukwa cha pepala la m'thumba la jekete la munthu wosamudziwa. Kumudzi nako dzuwa linali litakwera, ndiye kuti khitchini yatsegulidwa, kambuzi kali panja.

"Osadandaula, bambo," anatero Jethro mowatonthoza. "Mwapindula pawili. Mwenze kufuna kuti nkhandwe isaione. Manje siizaiona, siizaimvela futi."

A Daka anatulutsa pepala lija, namuyang'ana mzunguyo nthawi yaitali. Mzunguyo ankamwetulirabe pa thonje lake, alibe apongozi, alibe mbuzi. Analipinda pepalalo, napukutira onga wa pa nsapato.

"Jethro, penti yakuda uli nayo?"

"Ilipo, yolembela maina a akufa."

"Uipente yonse ibwelele mwakale. Mtengo, chitsulo, vonse."

"Nanga pakamwa?"

"Ujambulepo bowo."

"Bowo yojambula?"

"Ee. Yozungulila bwino, yakuda. Uikulitseko pang'ono."

Jethro anatsegula chitini, naviika burashi, kenaka anaima dzanja lili m'malere.

"Koma bambo, nikachita so, nkhandwe izaiona."

"Ndiye vamene nifuna," anatero a Daka chapansipansi, maso ali kunjira ya ku Nyampande. "Penta kuti iione bwino ikali kutali, kapena ingayope."