Diresi Lobwereka la Apogbila

Olemekezeka Naba, mfumu yathu, pamodzi ndi akuluakulu a kubwalo kwanu, olemekezeka a Tindana osunga nthaka tapondayi, olemekezeka Mkulu wa Maphunziro m'boma lino, a Imamu ndi Abambo a parishi amene mwakhala pabenchi limodzi, Aphunzitsi Aakulu Mayi Azure, makolo, ndi inu atsikana amene mwaima padzuwa kuyambira m'mawa, landirani moni wanga. Bambo Dakurah a bungwe la Biayire ndawasiyira dala kumapeto, poti iwo ndi Mdagaaba, mtundu umene timaseleulana nawo, ndipo ife Afrafra sitimupatsa moni Mdagaaba tisanawerenge agalu athu, kuopa kuti watibera mmodzi. Bambo Dakurah, agalu akwana, takulandirani.

Mwandiitana kudzatsegula nyumba yogona atsikana, ndipo papepala la mwambowu mwalemba kuti ine, Mayi Lariba Abugre, ndine ndinasankha mwanzeru bungwe la Biayire limene latimangira nyumbayi. Mawuwo andikomera, ndipo pepalalo ndikalipachika pakhoma, koma si zoona, ndipo pamaso pa a Imamu ndi Abambo sindinganame.

Zaka khumi ndi zinayi zapitazo ndinali namwino ku Bradford, ku Ulaya. Ine ndi anzanga a m'wodi tinagwirizana zophunzitsa mwana mmodzi wa kunja. Harjit anali wa chipembedzo cha Asikhi, Fadumo Msilamu, ine Mkatolika, pamene Moira ankati Lamulungu ndi tsiku lochapa. Choncho tinapangana kuti bungwe lake lisakhale la tchalitchi kapena la mzikiti, koma likhale lokhulupirika, ndipo ntchito yosankha anandipatsa ine poti ndine wa konkuno. Ndinayala timabuku ta mabungwe patebulo, ndipo kunena mosabisa, ndinasankha bungwe limene zithunzi zake zinandiliza kwambiri. Dzina lake sinditchula, linatha kale.

Nditabwera kutchuthi ndinapita kukaona tsiku lawo lojambula ana, pabwalo lomwe lino. Pamzere panali Mayi Atampoka, mayi wamasiye woluka madengu, ndi mwana wawo Apogbila, wa zaka khumi ndi chimodzi. Nkhani yawo inali yodziwika: mwanayo akapanda kulembedwa ndi bungwelo, mapira akangokololedwa akwera basi ya kumzinda wa Kumasi kukasenza katundu wa anthu pamsika, ndipo sukulu ithera pomwepo.

Inu mukudziwa mmene ife timachitira. Palibe wa kuno amene amaima kutsogolo kwa kamera ndi zovala zakumunda. Mayi Atampoka anazungulira makomo atatu, anabwereka diresi lachikasu uku, nsapato uko, mpango kwina, mwana n'kumudzoza mafuta a mtengo wa shea mpaka kunyezimira. Wojambula atamuona anapukusa mutu, nati azungu sangathandize mwana wooneka chonchi, avule nsapato, avale zakale, ndipo asaseke.

Mayi Atampoka anamuyankha mosakweza mawu: "Mwana wanga, nkhope ya mtsikanayu ikupita kudziko la eni. Ukufuna akafike kumeneko osavala nsapato, anthu aziti alibe mayi? Njala tili nayo, koma sitiivala."

Wojambula anadula dzina la Apogbila n'kuitana wotsatira. Ine ndinali pomwepo, chikwama cha ku Ulaya m'khwapa, ndipo sindinamuletse. Manyazi a tsiku limenelo sanandichoke mpaka lero, chifukwa ndinazindikira kuti amene ankavula mwanayo nsapato sanali wojambula yekha, komanso ine amene ndinkafuna chithunzi chondiliza.

Madzulo ndinapita kwawo kukapepesa. Anandipatsa madzi, kenaka anandiuza kuti ngati ndikufunadi bungwe, pali Mdagaaba wina woyenda panjinga yamoto yopanda galasi, amene tsiku loyamba sabwera ndi kamera. Ndinawaseka, ndinati chabwino chingachoke kwa Mdagaaba n'chiyani, koma m'mawa mwake ndinakamufuna kutauni ya Bolga. Ndinamupanikiza ndi mafunso ngati wapolisi, iye osatekeseka. Anangondilembera mayina a mabanja khumi, nati ndipite ndekha ndikawafunse iye kulibe. Ndinapita, ndipo m'mabanjamo munali opita kumzikiti, opita kutchalitchi ndi othira nsembe kwa makolo, ndipo palibe anafunsidwapo kumene amapemphera. Onse anandilozera chinthu chooneka ndi maso: mjigo, mabenchi, mwana ali m'kalasi.

Mdagaabayo, Bambo Dakurah omwewa, atafika kwa Mayi Atampoka sanayang'ane zovala. Anakhala pansi, anafunsa chimene anadya dzulo, anafunsanso amayi oyandikana nawo ndi aphunzitsi. Kamera inabwera patatha milungu itatu, mwana atayamba kale kalasi, ndipo anayamba wapempha chilolezo kwa mayi wake. Diresi lachikasu linabwerekedwanso, ndipo bambowa anaima padzuwa theka la ora kudikira kuti mpango umangidwe bwino. Moira atachiona chithunzicho anangoti mwanayu ali ndi mayi, ndipo ife tikhala azakhali ake.

Tsono inu a kunja amene mumandiimbira lamya kufunsa bungwe loyenera, yankho langa ndi limeneli: musafunse mtima wanu pamene ukulira, funsani mayi wa mwanayo pamene a bungwe palibe.

Basi ya ku Kumasi inanyamuka chaka chimenecho popanda Apogbila. Lero ndi uyo waima pakhomo ndi makiyi, mphunzitsi wa masamu, ndipo ndiye aziyang'anira atsikana makumi asanu ndi limodzi ogona m'nyumbayi. Atsikana inu, muchenjere naye, amadzuka nkhanga zisanatsike mumtengo.

Olemekezeka Naba, mundikhululukire posokoneza ndondomeko. Sizasi yodulira riboni iyi si yanga. Mayi Atampoka, ndakuonani mwabisala kumbuyo kwa oimba ng'oma. Bwerani kuno, akulu anga, inu ndinu munasankha bungweli, ine ndinangolemba kalata. Apatseni njira, ndipo wojambula adikire mpaka iwo anene kuti akonzeka.

Dulani, mayi. Ndi dzanja la Mayi Atampoka, ndi chilolezo cha Naba ndi a Tindana, ndikulengeza kuti nyumba ya atsikana ino yatsegulidwa kuyambira lero.

Zikomo kwambiri nonse.