Pepala limene mlamu wanga sanasute

Moni abale mwa Ambuye. Ndinayamba kudandaula kwa akulu a mpingo wathu wa ku Nsadzo Lamulungu lotsatira Pasaka, ndinabwerezanso pa nthawi yokolola, ndipo makalata onse awiri ndinasungako anga. Chaka chino ndinatchedwa wodya anthu.

Pa nthawi ya nkhondo, titathawira ku Zambia, ndinali mlembi wa mpingo. Munthu wina anadzaulula kuti pothawa anasochera m'thengo ndi mng'ono wake, mng'onoyo nafa ndi njala, ndipo iye anadula mnofu wa pa ntchafu ya mtembo, naotcha, nadya. Ndinalemba mawu ake monga anawanenera, ndipo pansi ndinaika dzina langa ngati mboni. Ndinalonjeza kuti sindidzamutchula.

Mlamu wanga Domingo anatsegula bokosi langa kufuna pepala lopichirira fodya. Tsamba loyamba, pamene panali dzina la mwini nkhani, analisuta. Lachiwiri, pamene panali kuulula kuja ndi dzina langa lokha, analiwerenga, nalipereka kwa sekeletariyo, mkulu wa boma wa m'mudzi. Taganizani! Ine amene ndaimbira maliro ambiri, adzukulu anandibweza pa njira ya kumanda, ati ndikukaona pofukula. Alongo a mkazi wanga anabwera kudzamutenga. Anthu a m'mudzi anandipatsa mwezi umodzi kuti nditchule munthuyo, apo ayi ndisamuke. Ndinkalira popemphera, koma dzinalo sindinalitchule.

Lamulungu lomaliza la mweziwo, mapemphero ali mkati, panafika njinga yochokera ku Mualadzi itanyamula nkhalamba yakhungu. Anali a Tomasi. Sindinawatumire uthenga, anamva kwa wogula mbuzi. Anaimirira atagwira chitseko nati, "Abale, pepalalo ndi langa. Amene ndinamudya ndi Yohane, wobadwa naye mimba imodzi. Awa anangogwira cholembera, asiyeni."

Mayi wina anakomoka.

Ndikuyamika Mulungu: mkazi wanga wabwerera, munda wanga ndikulima. Inu amene mukunamiziridwa, musaleke kupemphera, wokuikirani umboni angakhale ali m'njira.

Koma nkhani sinathe. Tsopano ana akugenda a Tomasi, munthu amene analapa kalekale, mpingo numukhululukira. Choncho ndikupempha akulu a mpingo mwaulemu kuti mundiyankhe polemba: tsamba langa libwezedwe, ndipo mulengeze pa guwa kuti a Tomasi adye nafe mgonero pa benchi limodzi. Iyi ndi kalata yachitatu.